MDF m'khitchini ya ku Zomba: ipirira chinyezi chathuchi?

Mayi a Tadala, Old Naisi:

Moni nonse muno. Ndikupempha nzeru kwa odziwa za matabwa ndisanapereke dipoziti kwa munthu.

Nyumba yathu ku Old Naisi yatsala pang'ono kutha. Matailosi tayala, madzi alowa, chatsala ndi makabati a m'khitchini, wadirobu ya kuchipinda ndi shelefu ya mabuku pabalaza. Bambo a kunyumba ntchito imeneyi andisiyira, ati khitchini ndi yanga. Tanthauzo lake amayi anzanga mukulidziwa: chikalakwika adzandiloza chala mpaka kukalamba.

Ndaitana akalipentala awiri. Woyamba ndi mnyamata wochangamuka, foni yake yodzaza ndi zithunzi za makabati oyera mbee, osalala, zitseko zake zokhala ndi timizere tokongola m'mbali. Akuti zonsezo ndi MDF, ena amangoti supawood. Wachiwiri ndi bambo achikulire amene anatikhomera denga. Nditangotchula MDF anapukusa mutu n'kunena kuti, "Mayi, umenewo ndi utuchi wopanikiza. Kuno ku Zomba mukufuna mudzalire?" Iwo akuti tigwiritse ntchito mbawa, ndalama zikavuta ndiye paini. Koma mtengo wa mbawa umene ananditchulira ndinachita kukhala pansi kaye. Chigwetsereni kwacha mu November 2023 chilichonse cha kuhadiweya chinapenga, ndipo thumba lathu lafika pouma.

Mtima wanga uli pa zoyerazo, sindinama. Chikundiopsa ndi zimene ndinaona kwa mng'ono wanga ku Chikanda. Kabati yake ya pansi pa sinki inatupa m'munsi monse, chikutira choyera cha pamwamba chinasendeka n'kupindikira m'mwamba, ndipo ukakanda ndi chala mukuyoyoka tizibenthu ta mtengo tooneka bwinobwino. Chitseko chimodzi chikungolendewera, ma screw a hinji anazuka n'kusiya dzenje loti chala n'kulowa. Ukatsegula, fungo la chuku limakulandira. Kabatiyo sinakhalitse ayi, anaigula atangolowa m'banja ndipo mwana wawo woyamba sanayambe sukulu.

Ndiye kwathu kuno n'kunsi kwa phiri. M'nyengo ya mvula nsapato zachikopa zimachita nguwi zili m'nyumba. Mu June ndi July chiperoni chikagwira, zovala zimangokhala pachingwe osauma. Mtsikana amene amandithandiza ntchito akamakolopa sadziwa zofinya mopu, madzi amachita kuthira ndi ndowa, ndipo ndalankhula ndatopa.

MDF imeneyi kwenikweni ndi chiyani, ndipo kodi ndi yomwe inaola kwa mng'ono wangayo? Ingapirire m'khitchini ya kuno, kapena ndingotsinzina n'kulipira mbawa? Ngati ilipo njira yosakaniza kuti mtengo utsike, ndiuzeni pomwe ndingaike chiyani.

Kalipentala wa pa Chinamwali:

Amayi, dipoziti ija igwireni kaye. Ine ndinaphunzira ntchitoyi ku Nasawa, shedi yanga ili pa Chinamwali, ndipo MDF ndimaicheka sabata iliyonse. Yankho langa ndi ili: zitseko za makabati ndi wadirobu, MDF inde. Pansi pa sinki ndi paliponse pokhudza simenti, ayi.

Ndiyambe ndi kabati ya mng'ono wanu. Mwati mukuyoyoka tizibenthu tooneka ndi maso. Imeneyo ndi chipboard yokutidwa ndi melamine, chikutira choyera chonga pulasitiki chija, si MDF. Anthu amazisokoneza chifukwa kunja zonse ndi zoyera. Mukapita kuhadiweya yang'anani m'mphepete mwa bolodi, pamene pachekedwa. Chipboard mumaona tizidutswa ta mtengo, tina tatikulu pakati, ting'onoting'ono kunja, ndi timipata. Plywood mumaona mizere ya timatabwa topyapyala tosanjikizana. Blockboard ili ndi timitengo tandalama pakati, totsekedwa ndi veneer, kathabwa kopyapyala, mbali zonse ziwiri. MDF mulibe chooneka, ndi mtundu umodzi wofiirira kuyambira pamwamba mpaka pansi. Koma musakondwere msanga: ikanakhala MDF wamba pamalo omwewo, madzi akudontha kuchokera pa paipi, nayonso ikanafa. Kufa kwake kokha n'kosiyana. Imafufuma, n'kuchita ubweyaubweya, n'kuyamba kugawanika.

Abambo aja akuti ndi utuchi wopanikiza. Ndimawalemekeza, koma si utuchi wosesa pansi pa sowo. Kufakitale amatenga mitengo, kawirikawiri paini, amaichotsa makungwa, amaiduladula tizibenthu, amatiphika ndi nthunzi kuti tifewe, kenako timadutsa pakati pa zitsulo zopera mpaka mtengo usanduke ulusi. Ulusiwo amausakaniza ndi guluu wotchedwa urea-formaldehyde ndi phula pang'ono, amauumitsa, amauyala chimkeka chochindikala, ndipo makina otentha amachipsinja mpaka chifike pa 16 mm kapena 18 mm. Mu bolodi wamba, pafupifupi magawo 82 pa 100 ndi ulusi wa mtengo, 9 guluu, 8 madzi, 1 phula. Anayamba kupanga zogulitsa ku America m'zaka za m'ma 1960, ndiye si zachilendo, kungoti kwathu kuno zatchuka mochedwa.

Kupsinja kumeneko ndi kumene kukufotokoza khalidwe lake lonse. Nkhope ziwiri zimene zinakhudza chitsulo chotentha ndi zolimba ndi zotsekeka. Pakati ndi pofewerapo. Ndiye mukacheka, mwatsegula pofewa paja. Yesani nokha: pemphani kachidutswa kwa mnyamatayo, dontheza madzi pankhope, dontho likhala kaye lili chilili. Dontheza m'mphepete, lilowa mukuona. Kenako kaimikeni m'sosala ya madzi usiku, m'mawa mukayerekeze ndi kanzake kouma. Thabwa la paini likanyowa limatupa, likauma limabwerera. MDF ikatupa yatupa, ngakhale muiyanike pa dzuwa la mu October. Pambuyo pa namondwe Freddy mu March 2023 anthu ankatibweretsera katundu amene anaima m'madzi. Mipando ndi matebulo a matabwa tinkaumitsa, kumata ndi guluu, kukwecha, kupaka vanishi, mwini wake n'kunyamula. Za MDF ndi chipboard tinkangochotsa mahinji ndi zogwirira kuti zikagwire ntchito pena.

Nanga ndimaikonderanji? Chifukwa pa ntchito ya penti palibe thabwa loiposa. Ilibe mfundo, ilibe utomoni wotuluka pakatentha monga imachitira paini, ilibe mbali yomwe imakokera. Chitseko chachikulu cha wadirobu chopangidwa ndi paini wa kuno, wosauma bwino, pofika mwezi wa September chapotoka, loko sakukumananso. Cha MDF chimakhala mmene munachisiyira. Timizere mwaona pa zithunzi tija timadula ndi makina otchedwa router, ndipo MDF imadulika bwino osanyotsoka. Kuti mupeze chitseko chotakata 60 cm cha mbawa muyenera kulumikiza matabwa awiri kapena atatu, ndipo polumikizirapo penti amadzang'ambika. Bolodi imabwera yotakata kale: 2440 mm kwa 1220 mm, imene timati eyiti bai fo, kapena zikuluzikulu zochokera ku South Africa za 2750 mm kwa 1830 mm. Dzina la supawood lija linachokeranso komweko, ndi dzina la malonda chabe.

Tsono khitchini yanu ndikanaipanga chonchi. Pamene pakhale sinki, itanani womanga akumangireni timakoma tiwiri ta njerwa ndi silabu ya konkire, muyalepo matailosi kapena granite ngati thumba lilola. Makolo athu ambiri m'tauni muno makhitchini awo ndi otero ndipo sanaolepo. Kutsogolo kwake tiikepo felemu ya thabwa louma ndi zitseko za MDF. Paipi ikadzadontha, ndipo idzadontha ndithu, mudzangokolopa. Ngati simukufuna njerwa, bokosi la pansi pa sinki likhale la plywood yabwino, ya guluu wopirira madzi.

Makabati ena onse a pansi asakhale pa matailosi. Akhale pa miyendo ya pulasitiki kapena pa kachitunda ka simenti kotalika 10 cm kapena kuposa, kutsogolo tiike kathabwa kotchinga kotheka kuchotsa. Mtsikana wanu wa ndowa uja azithira mmene akufunira. Kumbuyo musiye mpata wa chala chimodzi kapena ziwiri pakati pa kabati ndi khoma, makamaka khoma loyang'ana kuphiri. Nyumba yatsopano pulasitala amakhala akutulutsabe madzi kwa miyezi, ndipo kabati yomatirira kukhoma loterolo imachita nguwi kumbuyo inu osadziwa.

Pomwe akalipentala ambiri timaba ndi pa penti. M'mphepete mwa MDF mumamwa penti ngati nthaka ya mu October ikalandira mvula yoyamba, ndiye waulesi amapaka nkhope yokha ndi mbali zooneka, pansi pa chitseko n'kusiya pambalambanda poti kasitomala sawerama. Madzi amalowera pomwepo. Bolodi iliyonse ili ndi mbali 6 ndipo zonse zitsekedwe. Ine m'mphepete ndimakwecha ndi sandipepa wosalala wa 220, ndimapaka sanding sealer kapena primer wa mafuta, mankhwala otseka timabowo penti asanapite, akauma ndimakwechanso, ndimabwereza, kenako penti. Primer wa madzi amadzutsa ubweya, sindimuyambira. Ngati mwasankha bolodi yobwera ndi melamine kale, tepi ya m'mphepete imatidwe ponseponse, ngakhale kosaoneka. Tsiku lolandira ntchito mutenge kagalasi koonera nkhope, mukaike pansi pa chitseko chilichonse. Mukaona pofiirira, musamalize kulipira.

Ma screw nawo ali ndi mwambo wake. Pankhope amagwira bwino ndithu. M'mphepete ukangokhoma osaboola kaye, bolodi imang'ambika pakati, ndipo ukamanga mopitiriza screw imangozungulira. Timaboola kaye ndi kabiti kakang'ono, timatalikira kukona, timathandizira ndi guluu ndi ma dowel, timitengo tozungulira tolowetsa m'mabowo polumikiza. Misomali wamba ayi. Mahinji akhale aja olowa m'dzenje lozungulira la 35 mm kuseri kwa chitseko, osati a chitseko cha nyumba okhomera m'mbali. Mumufunse mnyamatayo kuti alumikiza bwanji makona. Akayankha kuti misomali ndi guluu basi, zithunzi za mufoni zija mwina si zake.

Agogo a pa Kalimbuka:

Mwana wanga wa pa Chinamwali walankhula zanzeru, koma ine sindikugwirizana naye. Tamvani mndandanda wa zimene wanenazo: miyendo ya pulasitiki, mpata kukhoma, kupaka mbali zonse, kagalasi pansi pa chitseko, kuboola kaye. Chinthu chofuna kuchisamala motero ndi katundu wa m'nyumba kapena ndi wodwala?

Ine ndinayamba ntchito m'boma likulu lidakali kuno, lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975. M'maofesi akale aja munali zitseko, makabati a mafailo ndi madesiki a matabwa enieni, ndipo chinyezi chake ndi chomwechi mukudandaula lero. Tebulo limene ndikudyerapo ndi la mlombwa, linali la bambo anga. Ana aliyika m'madzi, aliwotcha ndi mapoto, alilemba ndi kampasi. Ndimangoitana munthu alipale n'kupaka vanishi, layambanso kuwala. Za utuchizo mungazipale? Mukakwecha kwambiri mwafika pofewa paja wanena yekha.

Komanso muganizire kusamuka. Adzukulu anga a ku yunivesite amagula timatebulo timeneti, kungosamuka kamodzi kuchoka ku Chikanda kupita ku Matawale pa ngolo, mwendo wagwedera, ndipo pobowoka sipagwiranso. Mabokosi a maliro ambiri amene mukuwaona akunyezimira m'mbali mwa msewu ndi a mabolodi omwewa, ndipo kumeneko ndilibe nako mawu, poti ntchito yake ndi ya tsiku limodzi.

Mayi a Tadala, ngati ndalama sizikukwana pangani pang'onopang'ono. Chaka chino makabati a pansi a mbawa, chaka chamawa a m'mwamba. Nyumba ndi yanu, simukuthamangitsidwa ndi landilodi.

Mlimi wa Mitengo, Domasi:

Agogo, ndi ulemu wonse, mlombwa wa bambo anuwo lero tiupeze kuti? Ndagwira ntchito ya nkhalango zaka zanga zonse ndipo funso limeneli limandiwawa. Mlombwa ndi mbawa zimatenga zaka makumimakumi kuti zifike pochekeka, ndipo zambiri zimene zikugulitsidwa zikudulidwa m'nkhalango zachilengedwe ndi m'mbali mwa mitsinje popanda wobzala ina. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu womwe chiswe chimauopa, uli pa mndandanda wa mitengo imene yatsala pang'ono kutheratu. Aliyense womanga nyumba mu Zomba akati khitchini yake ikhale ya mbawa, m'mbali mwa Domasi ndi Likangala mutsala zitsa.

Chinanso, amayi, "mbawa" imene akutchulirani mtengoyo muione isanapakidwe kanthu. Alipo ena amatenga bulugamu wofiira kapena thabwa lina lililonse, n'kulipaka steni, kasitomala n'kulipira mtengo wa mbawa. Ndipo ngakhale ikhale yeniyeni, funso ndi lakuti yauma? Matabwa ambiri otsika m'phirimu pamitu ndi panjinga amakhala achekedwa masabata ochepa apitawo. Thabwa laliwisi limalemera, limazizira m'manja, utuchi wake umamata pa sowo. Likamauma limachepa m'mimba mwake, osati m'litali, ndiye chitseko chimene chinali chokwana bwino mu March pofika October chasiya mpata woti mphemvu n'kudutsa. Anthu amanyoza MDF chifukwa cha kutupa, koma makabati opotoka a paini wamuwisi ndawaona ochuluka kuposa otupa.

Paini wa m'phiri lathuli, makamaka uja wa masamba olendewera wotchedwa Pinus patula, kwawo ndi ku Mexico, anachita kubwera naye. Ku Chikangawa, pa Viphya, anabzala mahekitala pafupifupi 53,000 ndi cholinga chodyetsa fakitale ya zopangira mapepala imene sinamangidwe. Pano kumeneko kuli kampani ya Raiply imene imapanga plywood, blockboard ndi MDF, ndiye si bolodi iliyonse imene mukuiona m'hadiweya yochokera kunja. Ubwino wa MDF kwa ife a nkhalango ndi wakuti imadya zimene wocheka matabwa amazitaya: mitengo ing'onoing'ono yopatulira, yokhota, nsonga ndi zotsalira. Munthu wa sowo yamanja amafuna thunthu lalikulu lowongoka, zina zonse amazisiya m'nkhalango, n'kudzakhala chakudya cha moto wa mu September.

Pa chiswe pokha musanamizidwe. Ndamvapo ogulitsa akuti guluu uja amachithamangitsa. Chiswe chikapeza njira kuchokera pansi kapena m'khoma chimadya MDF monga chimadyera paini. Chitetezo chili pa mankhwala a m'maziko ndi kusakhudzitsa kabati pansi.

Namwino, Matawale:

Nkhani ya madzi yamveka. Ine ndiwonjezere ya mapapo, chifukwa mlongo wanga ndi kalipentala ndipo ndimakangana naye nthawi zonse.

Fumbi la MDF si lofanana ndi zopalapala za paini zimene zimagwa pansi. Ndi losalala kwambiri, limayandama m'mwamba nthawi yaitali. Mukalowa m'shedi momwe acheka ndi makina muona tsitsi, nsidze ndi m'mphuno mwa anyamata muli mbuu. Mlongo wanga amamanga kansalu kumaso, mwina chisoti chakale, n'kumati zakwana. Sizikwana. Pamafunika masiki olembedwa N95 kapena FFP2, othina bwino pamphuno, ndi kuchekera pamalo podutsa mphepo. Fumbi la mtengo uliwonse, ngakhale wa mbawa, bungwe la WHO lofufuza za khansa linaliika m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa, makamaka ya m'mphuno, kwa anthu olipuma zaka zambiri. Formaldehyde wa mu guluu uja naye anamuika m'gulu lomwelo mu 2004.

Amayi musathawe nazo. Amene ali pa chiopsezo chenicheni ndi wocheka tsiku ndi tsiku, osati inu wotsegula kabati kutenga mchere. Komabe bolodi yatsopano imatulutsa mpweya umenewu pang'onopang'ono, kwambiri miyezi yoyambirira, ndipo kutentha ndi chinyezi zimawonjezera. Ndi fungo lija loswa m'maso mukatsegula wadirobu yatsopano. Mabolodi ena amakhala ndi chizindikiro cha E1, kusonyeza kuti amatulutsa wochepa motsatira muyezo wa ku Ulaya. Ngati ogulitsa angakuonetseni, sankhani imeneyo. Kutseka mbali zonse ndi penti kumene anena akalipentalaku kumathandizanso pamenepa. Musalole kuti azichekera m'nyumba mwanu mawindo ali otseka, ndipo ngati pali mwana wa mphumu asagone m'chipinda cha wadirobu yatsopano mpaka fungo lithe.

Chimene chimandikwiyitsa kwambiri ndi ichi: amayi ndi ana amapita m'mashedi kukatola zidutswa zotsala kuti akasonkhere moto, poti makala akwera. Zidutswa za paini vuto palibe. Za MDF, chipboard ndi zopakidwa penti zimatulutsa utsi wa guluu ndi pulasitiki, ndipo munthu amaweramira pomwepo akuvundula nsima m'kakhitchini kopanda windo. Akalipentala, zimenezo musamapereke, ngakhale akupempheni.

Mayi a Tadala, Old Naisi:

Zikomo nonse. Agogo, tebulo lanulo ndalisirira, koma kudikira chaka china ndikuphikira pa mpando ndiye ayi. Za silabu pansi pa sinki ndazikonda ndipo womanga wathu akuti ndi ntchito yaing'ono.

Ndamuimbira mnyamata uja. Pa makona wayankha ma dowel ndi ma screw, ndiye mayeso amenewo wakhoza. Koma wabwera ndi nkhani ina: akuti ilipo MDF yobiriwira yosaopa madzi, ndipo ndikawonjezera ndalama akhoza kupangira yomweyo khitchini yonse, ngakhale pansi pa sinki, osavutika ndi njerwa. Achimwene a pa Chinamwali, n'zoona zimenezi? Komanso palibe wanenapo za shelefu ya mabuku. Bambo a kunyumba ndi aphunzitsi, mabuku awo ndi makatoni osanyamulika, ndipo akufuna mashelefu aatali osadukizadukiza kuyambira pakhomo mpaka pawindo, pafupifupi mamita awiri.

Kalipentala wa pa Chinamwali:

Yobiriwirayo ilipo, imalembedwa MR. Guluu wake anamuwonjezera melamine, ndiye imapirira mpweya wachinyezi ndi timadzi towazika kuposa wamba. Mtundu wobiriwirawo ndi utoto chabe woti tizizindikira, si ndiwo ukutchinga madzi, monganso yofiira imakhala chizindikiro cha yochedwa kugwira moto. Kwa Zomba, ngati mungaipeze ndipo kusiyana kwa mtengo mungakukwanitse, zitseko za m'khitchini pangirani imeneyo, ndikuvomera. Koma "yosaopa madzi" ndi mawu a wogulitsa. Iikeni m'sosala muja pamodzi ndi inzake: ichedwa kutupa, koma itupa. Paipi yodontha usiku ndi usana kwa mwezi inu osadziwa, yobiriwira siipirira. Silabu ija musaisiye. Ndipo muione bolodiyo ndi maso isanapakidwe, chifukwa penti akapita pamwamba simudzadziwa ngati mwalipira yobiriwira n'kulandira wamba.

Pa shelefu aphunzitsi andikhululukire, mamita awiri osachirikiza sizitheka. MDF ndi yolemera koma si yolimba msana. Bolodi imodzi ya 18 mm ya eyiti bai fo imalemera makilogalamu pafupifupi 40, ndiye shelefu imayamba yanyamula kale thupi lake. Ulusi wake ndi waufupi ndipo unagona mbali zonse, palibe mtsempha woyenda m'litali monga m'thabwa. Mukaika mabuku tsiku loyamba ioneka yowongoka. Imagonja pang'onopang'ono, pakutha pa chaka pakati pagwa, ndipo mukachotsa mabuku siwongoka. Chinyezi chimafulumizitsa zimenezi. Ine pa mabuku sindidutsa 60 cm popanda choimika pakati. N'chifukwa chake MDF sitiigwiritsa ntchito pa denga, pa felemu ya chitseko kapena pa chilichonse chonyamula nyumba.

Ngati akufunitsitsa mzere wautali, mashelefu enieniwo akhale a paini wouma wochindikala kapena blockboard yodulidwa motsata timitengo ta m'kati, kutsogolo tikhomere kathabwa koimirira kolimbitsa, kumbuyo shelefu igwire bolodi ya kumsana kapena mabulaketi a kukhoma. Ngakhale apo ndingaike choimika chimodzi pakati. Abambo achikulire aja apatseni ntchito imeneyi pamodzi ndi mafelemu a m'khitchini, ndi ntchito ya m'manja mwawo, ndipo asakhumudwe kuti mwawataya.

Pokagula mabolodi mupite nawo limodzi mnyamatayo. Musatenge ya pamwamba kapena ya pansi penipeni pa mulu, ndipo muyang'ane makona ngati sanatupe kale m'sitolo. Pa pikapu igone chogona, yofunditsidwa ndi tenti ngakhale kumwamba kukuoneka koyera, mukudziwa mmene mvula imatsikira m'phirimu. Ikafika kunyumba isatsamire khoma. Muigoneke pa timitengo tinayi totalikirana mofanana, m'chipinda chouma, ikhale masiku angapo izolowere mpweya wa m'nyumbamo asanayambe kucheka.